Azakhali, za kachilombo ka HPV zija

Azakhali mwaswera bwanji, ndamva voice yanu ija, mukuti anesi anena kuti khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo, ndiye mukufunsa kuti kachilombo kangasanduke bwanji khansa. Ayi, kachilomboko sikasanduka khansa, kamangosokoneza maselo athu omwewa.

Mkati mwa selo mumayenda mauthenga, wina woti gawikana tsopano, wina woti ima kaye. Pali mapuloteni awiri, Rb ndi p53, ntchito yawo ndi yoimitsa. Rb imagwira selo kuti lisagawikane nthawi isanakwane, p53 ikaona kuti DNA, yomwe imasunga malangizo a selo, yawonongeka imaimitsa zonse kuti pakonzedwe, zikakanika imalamula seloyo kuti ife basi. Ndiye HPV ikalowa m'maselo a pakhomo paja imapanga mapuloteni akeake, E6 ndi E7, E6 imachititsa kuti p53 iphwanyidwe, E7 imakakamira pa Rb mpaka kulephera kugwira ntchito. Kachilomboko kamangofuna selo lizigawikana kuti nako kachulukane, koma zotsatira zake zili ngati minibasi ikutsetsereka ku Khwekhwelere mabuleki atatha, selo likungogawikana, zolakwika mu DNA zikuunjikana, woletsa palibe.

Komatu musachite mantha, izi sizichitika lero ndi lero, zimatenga zaka 10, 15 ngakhale 20, ndipo anthu ambiri thupi limachotsa lokha kachilomboko pasanathe zaka ziwiri. Yovuta ndi mitundu ina ya HPV yokakamira ngati 16 ndi 18, iwiri yokhayi imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa imeneyi. Munthu akakhala ndi HIV chitetezo chimachepa ndiye kamakhalitsa m'thupi, nchifukwa chake ku ART amawalimbikitsa amayi kupimitsa pafupipafupi. Khansa ya Kaposi ija ya zigamba zakuda pakhungu nayonso imabwera ndi kachilombo kena, HHV-8.

Ine chimandipweteka ndi choti amayi ambiri amafika kuchipatala magazi atayamba kale kutuluka, pamene zaka zonsezo mpata unalipo. Kupima kwake sikuchedwa, amapaka viniga pakhomopo, malo osokonekera amaoneka oyera, akakhala aang'ono amawawotcha tsiku lomwelo zisanafike pa khansa. Katemera wa HPV uja anayamba mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, mdzukulu wanu asaphonye chonde. Lachitatu ndili off, mukafuna ndibwera ndikuperekezeni kokapimitsa.