Kodi mutu wa munthu wamkulu unauma?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Amayi ake, a zaka 58, anayamba sukulu ya kwacha kumudzi, koma patangotha miyezi iwiri akufuna kusiya. Akuti zimene aphunzira Lolemba, pofika Lachinayi zauluka, ndipo b ndi d akungowasokoneza. Pafoni anamuuza kuti, "Mwanawe, mutu wanga unauma, kuwongola mtengo mpoyamba." Iye akufunsa ngati ubongo wa munthu wamkulu ungasinthedi, kapena angowasiya apume.

Achimwene, alimbikitseni. Koma musawanamize kuti zikhala zofewa, chifukwa mwambi akunenawo suli wabodza wonse.

Amayi anu sali okha pa maganizo amenewa. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1906 pa ntchito yofufuza maselo a ubongo, nayenso ankaona kuti munthu akakula njira za mu ubongo mwake zimakhazikika, sizisinthanso. Umboni wotsutsa unabwera pambuyo pake, ndipo umene ndimaukonda ine ndi wa oyendetsa matakisi a ku London.

Kuti munthu apatsidwe chiphaso choyendetsa takisi yakuda mumzindawu, amayenera kuloweza misewu pafupifupi 25,000 yomwe ili mkati mwa mamailosi 6 kuchokera pa Charing Cross, malo a pakatikati pa mzindawu. Ambiri zimawatengera zaka 3 kapena 4, akuzungulira pa kanjinga kamoto, mvula ikuwanyowetsa, mapu atawapachika kutsogolo. Pa mayeso woyesa amangotchula malo awiri, iwe nkulakatula pamtima msewu uliwonse umene udutse ndi pokhota paliponse. Mu 2000, Eleanor Maguire wa pa University College London anajambula ubongo wa madalaivala 16 oterewa ndi makina a MRI. Anapeza kuti chakumbuyo kwa kachigawo kotchedwa hippocampus, kamene kamasunga za malo ndi njira, kunali kokulirapo kusiyana ndi kwa anthu ena, ndipo amene anakhalitsa pa ntchitoyo ndiwo anali nako kokulirapo kwambiri.

Wokayika akhoza kunena kuti mwina anabadwa choncho, nchifukwa chake anasankha ntchitoyo. Maguire ndi mnzake Katherine Woollett anayankha mu 2011. Anatenga ophunzira 79 akungoyamba kumene, nkuwajambula, kenako nkudzawajambulanso patapita zaka. Poyamba onse anali ofanana. Pamapeto, 39 amene anakhoza mayeso ndiwo ubongo wawo unasintha. Onsewa anali anthu akuluakulu, osati ana. Chinanso chimene anthu ambiri amachidumpha pofotokoza nkhaniyi ndi chakuti phindulo linali ndi mtengo wake: madalaivalawo ankavutikirapo kukumbukira chojambula chachilendo chimene angochiona kumene. Ubongo ukalima kwambiri mbali imodzi, kwina kumamera tchire.

Tsono tibwere kwa b ndi d, poti apa ndi pamene amayi akudziweruza pachabe. Tengani kapu, chogwirira chiloze kumanzere, kenako muitembenuze chiloze kumanja. Ikadali kapu yomweyo. Mbuzi ikayang'ana kum'mawa kapena kumadzulo ndi mbuzi yomweyo. Kwa zaka 58 ubongo wa amayi anu wakhala ukuphunzira bwino lomwe kuti kutembenuka kwa chinthu kulibe kanthu. Lero aphunzitsi abwera ndi zinthu ziwiri zofanana ndendende kupatula kolozera, nkumati ndi zosiyana. Ana a Sitandade 1 nawonso amalemba zilembo chotembenuza pa chifukwa chomwechi. Kuwerenga kumafuna kuti diso lisiye chizolowezi chakale, ndipo chizolowezi cha zaka zambiri chotero sichichoka pa miyezi iwiri.

Koma chimachoka. Mu 2010, Stanislas Dehaene ndi anzake anajambula ubongo wa anthu 63 a ku Brazil ndi Portugal: 10 osadziwa kuwerenga, 22 amene anaphunzira atakula, ndi 31 amene anaphunzira ali ana. Mwa owerenga muli kamalo kumanzere kwa ubongo, chakunsi chakumbuyo, kamene kamadzuka kakaona mawu olembedwa. Kamalo kameneka kanadzukanso mwa amene anaphunzira atakula. Ambiri a iwo ankawerenga pang'onopang'ono kusiyana ndi amene anayamba ali ana, zimenezo ndi zoona, koma ubongo wawo unali utapatula malo a zilembo.

Ndipo kusinthako sikuthera m'maso. José Morais anaonetsa mu 1979, ku Portugal komweko, kuti munthu wosadziwa kuwerenga amavutika ukamuuza kuti achotse liwu loyamba pa mawu, monga kuchotsa b pa "bala" kuti patsale "ala". Amene anaphunzira kuwerenga atakula ankatha. Ndiye kuti zilembo zimasintha mmene munthu amamvera chilankhulo chake chomwe: mawu amene anali chinthu chimodzi chathunthu amayamba kumveka zidutswazidutswa.

Mwambi wa amayi umagwira ntchito kwina. Mu 1984, Janet Werker ndi Richard Tees ku Canada anapeza kuti makanda a miyezi 6 mpaka 8 a m'mabanja olankhula Chingerezi ankasiyanitsa maliwu a Chihindi, chilankhulo cha ku India, amene makolo awo sankawamva kusiyana, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atasiya. Khutu limazolowera chilankhulo cha pakhomo mwana asanayambe nkomwe kuyenda bwino. Nchifukwa chake ife l ndi r amatizunza mpaka ku yunivesite (ine ndemwe ndimayamba ndaima kaye ndisanalembe dzina la munthu lokhala ndi zilembozi), pomwe mlendo wa ku Ulaya amakhala kwathu zaka zambiri osamva kuti "pala" ndi "phala" ndi mawu awiri, kapena kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timawatchula mosiyana. Mitengo imeneyo inawongoledwadi poyamba. Kuwerenga sikuli m'gulu limenelo.

Za kuiwala kwa Lachinayi, ndikukayikira kwambiri masiku a pakatiwo osati zaka zawo. Ku Regensburg, ku Germany, pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2004, anthu ena anaphunzitsidwa kuponya ndi kuwakha mipira itatu kwa miyezi 3, ndipo mbali ya ubongo yoona zinthu zoyenda inakula. Atasiya kwa miyezi ina 3, inayamba kubwerera. Ngati amayi amatseka kope Lolemba nkudzalitsegula Lachinayi, njira imene anaponda yameranso udzu. Bola kanthawi kochepa tsiku lililonse kusiyana ndi maola atatu kamodzi pa sabata. Azitseka kope nkuyesa kulemba pamtima, ngakhale pansi ndi kamtengo, chifukwa kudzikumbutsa movutikira kumakhazikitsa zinthu kuposa kungoyang'anitsitsa. Tulo nato timathandiza kusunga zimene munthu waphunzira masana.

Musanachite china chilichonse, apimitseni maso. Anthu ambiri akadutsa zaka 40 sawonanso bwino zinthu zapafupi, ndipo ndaonapo agogo akudzitcha mbuli pomwe vuto linali magalasi. Afunseni ngati kulowetsa ulusi mu singano kukuwavuta.

Kenako apatseni zowerenga zimene mtima wawo ukuzifuna. Nyimbo ya kutchalitchi imene amaidziwa pamtima, aitsate ndi chala m'buku. Mayina a zidzukulu awalembe pa katoni nkupachika pakhoma. Inuyo mukawatumizira ndalama, musamangoimba foni. Lembani uthenga wa mawu atatu kapena anayi, "Amayi, ndatumiza lero," ndipo muuze mlongo wanu kuti asawawerengere mpaka atalimbana nawo okha.