Kodi ndalama ya sabuside imafika m'manja mwa mlimi?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Ndirande. Akuti mayi ake amakhala kumudzi ku Lirangwe, dzina lawo latuluka pa mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo, ndiye akufunsa kuti kodi boma liwatumizira ndalama zingati komanso pa foni yanji. Wawonjezeranso kuti kuli venda wina amene akuzungulira m'mudzimo kufuna kubwereka ziphaso za unzika, akumalipira pompopompo.

Achemwali, poyamba chotsani kaye maganizo oti kubwera ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, imeneyo ndi nkhani ya Mtukula Pakhomo, ndi pulogalamu ina. Pa sabuside mlimi sagwira ndalama ya boma ngakhale tambala. Boma limalipira kampani yogulitsa fetelezayo gawo lalikulu la mtengo, mayi anu iwo amangoperekapo kagawo kochepa kenako n'kunyamula matumba awo awiri a makilogalamu 50, lina wokulitsa uja NPK lina wobereketsa Urea, ndiye ndalama ya boma ili m'kati mwa thumbamo basi.

Zimenezi sizinayambe dzana. Nthawi ya a Muluzi kunali Starter Pack mu 1998, timapaketi tating'ono ta mbewu ndi feteleza tija. Mu 2005 a Bingu anabweretsa makuponi, amene tinakula nawo tikukumbuka mmene amfumu ankavutikira pogawa, mudzi wonse maso pa iwo, mpaka mabanja awiri kugawana thumba limodzi ndi chidebe. Mu 2020 kunabwera AIP, pulogalamu ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo, makuponi anatha, m'malo mwake munthu ankapita ndi chiphaso cha unzika, thumba K4,495. Pofika 2022 linali pa K15,000, paja feteleza anakwera mtengo dziko lonse lapansi nkhondo ya ku Ukraine itayamba, ifenso kwacha yathu kumangogwa. Dzina la pulogalamu limasintha malinga ndi amene ali pampando, koma mfundo yake n'njomweyo, mlimi amalandira katundu osati ndalama.

Tsopano za vendayo. Iyeyo sikuti wamva chisoni ayi, wawerengetsa kale. Akapereka kandalama kake kwa mayi, iye akatenga matumba awiri pa mtengo wa boma n'kukawagulitsa pa mtengo wa m'sitolo ku Lunzu kapena ku Limbe, phindu lonse limene boma linaikira mayi anu lapita m'thumba mwake. Kandalamako kathera mchere ndi sopo sabata isanathe, February akamafika chimanga chili chachikasu m'munda, inu muli ku Ndirande kuno foni ikulira kuti tumizani ya ufa. Komanso n'kuphwanya malamulo, ndipo chiphaso chikapita m'manja mwa munthu wachilendo simudziwa kuti akachita nacho chiyani china.

Ine sindiweruza amene amagulitsa, ambiri amatero chifukwa kagawo kawoko alibe, October ndi November ndi miyezi yoti m'nyumba mulibe kanthu. Ndiye apa ndi pamene inu mukufunika. Tumizani ndalama ya matumba awiriwo msanga, muwonjezerepo ya kabaza ndi ya chakudya chifukwa kudepoti munthu amatha kupita kawiri katatu, lero netiweki palibe, mawa wabwera Urea yekha NPK kulibe. Azakhali anga chaka china anagona pamzere masiku awiri, atafika kutsogolo anawauza kuti makina akuonetsa kuti anagula kale, pomwe iwo sanagulepo. Nkhaniyo inatheka atapita kwa alangizi limodzi ndi amfumu, koma mvula inali itagwa kale.

Mayi apite okha ndi chiphaso chawo, asapatsire munthu. Mtengo wa chaka chino akafunse kwa alangizi a m'dera lawo, osati kwa vendayo. Ndipo akauzidwa kuti apereke ndalama kaye katundu adzatenga tsiku lina, asachoke pamenepo opanda lisiti.