Za aneba osokosa usikuwo

Asisi, mwafunsa ngati muitane apolisi poti aneba anu akumachita maphwando mpaka mbandakucha ana osagona. Ine ndingati musathamangire kupolisi kaye, komanso osakagogoda usiku womwewo anthu atakhuta mowa, palibe angakumvereni mungotukwanizana basi. Dikirani kuche, mowa uwachoke, mukakambe nawo mwaulemu. Ambiri sadziwa n'komwe kuti zikufika kwanu, chimavuta kwambiri ndi besi ija, imadutsa khoma ndi mawindo mosavuta, n'chifukwa chake mawu a nyimbo simuwamva bwinobwino koma kugunda kokhako kumakupezani pabedi. Apempheni atsitse besi, masipika asagunde khoma, atseke mawindo, mugwirizane nthawi yotsitsa voliyumu ndipo azikuuzanitu kukakhala phwando.

Musadzione ngati ovuta ayi, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati m'chipinda chogona phokoso lisamapitirire 30 dB (muyeso wa kukula kwa phokoso) usiku, kumeneko n'kunong'ona chabe. Akapitiriza makani lembani masiku ndi nthawi, jambulani pa foni, muwauze alandilodi ngati ali pa lendi. Zikakanika apo ndiye kupolisi, koma mupite ndi aneba ena, nokha angoti ndi nsanje.