Chithokomiro chofooka ndi kuyamwitsa: yankho kwa mayi wa khanda

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti chithokomiro chake (kachiwalo ka pakhosi) sichitulutsa mahomoni okwanira, ndipo wakhala akumwa levothyroxine kuyambira asanatenge pakati. Mwana wake ali ndi masabata 8, koma apongozi ake akumuuza kuti asiye mapiritsiwo poopa kuti alowa mumkaka. Akufunsa kuti asiye chiti, mankhwala kapena kuyamwitsa.

Mayi, musasiye chilichonse mwa ziwirizi. Apongozi anu akulankhula chifukwa chokonda mdzukulu wawo, koma levothyroxine ndi mahomoni omwewo amene chithokomiro chabwinobwino chimapanga, ndipo kachigawo kamene kamafika mumkaka n'kochepa kwambiri moti sikavulaza mwana. Choopsa ndi kusiya kumwa, chifukwa mahomoniwa akachepa m'thupi, mkaka nawonso umatha kuchepa.

Chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu n'chakuti simunatchule zoyezetsanso magazi. Nthawi ya pakati adokotala amakonda kukweza mlingo wa mankhwalawa, ndipo mayi akachira mlingowo nthawi zambiri umabwerera pamene unali poyamba. Magazi a TSH, osonyeza ngati mlingo wa mankhwalawa uli woyenera, amayezedwa pakatha pafupifupi masabata 6 chibadwire mwana, choncho ngati simunayezetse, pitani kuchipatala sabata ino. Mlingo ukachuluka mtima umagunda mofulumira ndipo manja amanjenjemera. Ukachepa mumazizidwa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, mumadzimbidwa, khungu limauma. Amayi ambiri amangoti n'kutopa kwa uchembere, n'kupirira miyezi yambiri popanda chifukwa.

Kamwedwe kake n'kofunikanso. Ikani kapu ya madzi ndi piritsi pafupi ndi pogona, kuti mwana akadzuka kuyamwa mbandakucha mumweretu m'mimba mulibe kanthu, kenako mudikire mphindi 30 mpaka 60 musanamwe tiyi kapena phala. Mapiritsi owonjezera magazi amene amaperekedwa kwa amayi ochira, komanso a calcium, amalepheretsa mankhwalawa kulowa bwino m'thupi, ndiye muziwamwa patapita maola 4. Phala la soya nalo limasokoneza, choncho lisatsatane ndi piritsi.

Bungwe la WHO limati mayi woyamwitsa amafunika mamaikulogalamu 250 a ayodini patsiku, popeza mwana amalandira ayodini wake, amene chithokomiro chimagwiritsa ntchito popanga mahomoni, kudzera mumkaka. Gulani mchere wokhala ndi ayodini ndipo muziusunga m'chitini chotseka, kutali ndi moto. Ngati kwanu mumadya kondowole, chinangwa chowawa chizivuikidwa mokwanira ndi kuyanikidwa bwino chisanasinjidwe, chifukwa chikapanda kukonzedwa bwino chimalepheretsa chithokomiro kugwiritsa ntchito ayodini.