Yambani ndi chimbale cha 2008, chatsopano musachidikire

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwakhala mukuwerenga kuti olemba nkhani za nyimbo amawatama kwambiri a Fleet Foxes, ndiye mukufuna kudziwa ngati matamandowo ali oona, chimbale choyambira popeza bandulo ndi yochepa, komanso ngati kuli bwino kudikira kaye kuti atulutse chatsopano. Pa zodikirazo ndikuyankheni msangamsanga: ayi, musadikire. Anthu amenewa safulumira, ndipo zimene anatulutsa kale n'zokwanira kukusungani chaka chathunthu.

Gululi ndi la ku Seattle, kumpoto chakumadzulo kwa America, ndipo linayamba mu 2006. Amene amapeka nyimbo ndi kutsogolera kuyimba ndi Robin Pecknold. Mnzake wa gitala, Skyler Skjelset, anadziwana naye adakali kusekondale m'tauni ya Kirkland, pafupi ndi Seattle pomwepo. Nyimbo zawo amazitcha indie folk, koma dzinalo lisakuopseni. Amangonena nyimbo zotsamira pa gitala wosalumikiza kumagetsi, mandolini ndi mawu a anthu, zotuluka kumakampani ang'onoang'ono odziyimira paokha.

Za matamando, zimene munawerengazo n'zoona, ndipo chaka chake ndi 2008. Anthu anayamba kuwamvera pa webusaiti ya MySpace asanatulutse chimbale chachikulu. Kenako kampani ya Sub Pop, yomwe ija inatulutsa Nirvana koyambirira, inawatenga, ndipo ku Britain anawatenga a Bella Union. Kunayamba kutuluka kachimbale ka nyimbo 5 kotchedwa Sun Giant, ndipo mu June kunatsatira chimbale chodziwika ndi dzina la gululo, chimene anajambula ndi Phil Ek. A Pitchfork, webusaiti ya nkhani za nyimbo, amene sawolowa manja pa malikisi, anachipatsa 9.0 pa 10, ndipo kumapeto kwa chaka anachiika pa nambala 1 pa zimbale za chakacho pamodzi ndi kachimbale kaja. Magazini ya Uncut itayambitsa mphoto yake ya nyimbo chaka chomwecho, oyamba kuilandira anali iwowa. Ku Britain chimbalecho chinakwera mpaka pa nambala 3, kutanthauza kuti sichinakondedwe ndi olemba nkhani okha, anthu wamba anachigulanso. Nthawi yonseyi Pecknold anali ndi zaka 22 zokha.

Koma malikisi a anthu ena sangakuyimbireni m'khutu, ndiye ndikuuzeni zimene ine ndinamva. Ndinakulira m'kwaya ya kutchalitchi, ndinkayimba tenala, ndipo chimene chinandigwira tsiku loyamba ndi kalukidwe kawo ka mawu. Nyimbo yoyamba pa Sun Giant pafupifupi yonse ilibe chida chilichonse, ndi amuna okhaokha akuyimba ngati ali m'chinyumba chachikulu chopanda anthu, ndipo kachida ka zingwe kamangolowa chakumapeto. Ina, White Winter Hymnal, imayamba ndi munthu mmodzi akubwereza kamzere kamodzi, anzake n'kumamulowa mmodzimmodzi mpaka mawuwo atadzaza, ng'oma n'kugwa. Siifika n'komwe mphindi 3. Aliyense amene anaimapo pamzere wa kwaya Loweruka masana, mphunzitsi akubwezetsa malo amodzi kakhumi kuti alito asamire, amadziwa kuti kumveka kophweka chonchi kumadya thukuta. Mawu a pakati, amene m'magulu ambiri amasowa, kwa iwowa amamveka bwinobwino, ndipo mukhoza kusankha liwu limodzi n'kulitsata kuyambira poyamba mpaka pothera. Ine ndimachita zimenezo mpaka lero.

Ndiye yambani pamenepo. Tsitsani chimbale cha 2008 ndi kachimbale ka Sun Giant, zonse pamodzi zimatenga pafupifupi ola limodzi. Mvetserani ndi mahedifoni, osati sipika ya foni, chifukwa kasipikako kamameza besi ndi mawu apansi, n'kukusiyirani gitala yekha. Musadumphedumphe, zitsateni mmene anazisanjira. Muyang'anenso chikuto chake. Ndi chithunzi chimene Pieter Bruegel wamkulu anajambula mu 1559, chosonyeza mudzi wodzaza anthu, aliyense akuchita zimene mwambi wina wa kwawo umanena. Muli miyambi yoposa 100. Kwa ife okonda miyambi, kungochikulitsa pafoni n'kumayendamo ndi maso ndi chisangalalo pachokha.

Sindikubisirani zofooka zake. Ngati mukufuna zovina, pano palibe. Mawu a nyimbo zoyambazo amanena kwambiri za mapiri, nkhalango, chipale chofewa ndi nyama za kwawoko, ndipo ena ndi ozungulira moti ngakhale eni Chingelezi amatsutsana pa tanthauzo lake. Pali anthu amene amati zonsezi n'zokongola koma sizikhudza moyo wa munthu. Dandaulo limenelo ndimalimvetsa pa chimbale choyamba. Pa chachiwiri ndimalikana.

Chachiwiricho ndi Helplessness Blues, chimene chinatuluka pa 3 May 2011. Chinawavuta kupanga. Anajambula, osakhutira, n'kutaya zambiri, n'kuyambiranso. Mmenemo Pecknold, ali ndi zaka 25, anasiya kubisala kumapiri n'kuyamba kudzifunsa poyera kuti iye ndi ndani, wachita chiyani poyerekeza ndi makolo ake pa msinkhu womwewo, ndipo ntchito imene munthu angaipatse moyo wake wonse ndi iti. Ngati muli pa msinkhu umene anzanu akukwatira ndi kumanga, inu mukadali kufunafuna poponda, chimbale chimenechi chidzakulankhulani ngati munthu wokudziwani. Chinafika pa nambala 4 ku America, ndipo anachisankha kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy ya chimbale cha folk, ngakhale sichinapambane. Kwa ine ndicho chimbale chawo chabwino koposa, koma chimakoma kwambiri khutu likazolowera kale choyamba chija.

Tsopano chifukwa chimene ndati musadikire. Atafika pachimake chotere, aliyense ankayembekeza kuti amenya chitsulo chikadali chamoto. M'malo mwake woyimba ng'oma wawo, Josh Tillman, anachoka kumayambiriro kwa 2012 n'kukayamba zake pa dzina loti Father John Misty. Pecknold anaika gitala pambali n'kukalowa sukulu ku Columbia University, ku New York. Panadutsa zaka 6 kuti chimbale chachitatu, Crack-Up, chituluke mu June 2017 kudzera ku kampani ya Nonesuch. Chimenechi musayambire. Nyimbo zake ndi zazitali, ina imayandikira mphindi 9, zimasintha njira pakatikati mosachenjeza, ndipo pena mawu amatsika mpaka kunong'ona. Ine ndinachimvera kangapo ndisanachilandire, ndipo pano ndimachikonda, koma ndikanakumana nacho poyamba ndikanathawa.

Chachinayi, Shore, chinabwera mosiyana kwambiri. Anachilengeza kutatsala tsiku limodzi, n'kuchitulutsa pa 22 September 2020, tsiku limene usana ndi usiku zimalingana kutalika, mliri wa Covid-19 uli pakati. Chili ndi nyimbo 15 ndipo n'chowala mtima kuposa zinzake zonse. Liwu loyamba kumveka mmenemo si la Pecknold, ndi la mtsikana wobadwira ku Nigeria, Uwade Akhere, amene Pecknold anamumva pa Instagram akuyimba nyimbo ya gululi yotchedwa Mykonos, n'kumuitana kusitudiyo. Nkhani imeneyi imandikhudza nthawi zonse ndikaikumbuka, chifukwa munthu wotchuka kupereka khomo la chimbale chake kwa wophunzira wosadziwika si zochitika kawirikawiri. Nacho chimbalechi anachisankha kupikisana pa Grammy.

Potulutsa Shore, Pecknold analemba kuti akuyembekeza kuwonjezera nyimbo zina 9 mu 2021, zopeka limodzi ndi anzake a m'gululo, chifukwa Shore anachijambula popanda iwo. Chaka cha 2021 chinatha nyimbozo osamveka. Chimene chinatuluka mu December chaka chimenecho ndi A Very Lonely Solstice, zimene anayimba m'tchalitchi china ku Brooklyn chaka chapitacho, mbali yaikulu ali yekha ndi gitala. Maulendo okayimba pamaso pa anthu anayambiranso mu 2022. Sindikunena izi powanyoza. Munthu amene anataya nyimbo zojambula kale chifukwa chosakhutira nazo sangatulutse chinthu pongofuna kusunga tsiku. Kungoti mapulani a gulu limeneli muziwamva ngati chikhumbo cha mtima, osati ngati lonjezo, ndipo nkhani ya chimbale chatsopano kapena ya matikiti muziikhulupirira pokhapokha yalembedwa pa webusaiti yawo kapena pamasamba awo enieni.

Ngati bandulo ingalole chimodzi chokha mwezi uno, tengani cha 2008. Mwezi wamawa Helplessness Blues, kenako Shore, ndipo Crack-Up chikhale chomaliza. Poti munanenapo kuti mumagwira gitala, A Very Lonely Solstice chidzakuthandizani kumva mmene zala zake zimayendera popanda zida zina zophimba. Mukamvera White Winter Hymnal kawiri katatu, mudzandiuze liwu limene khutu lanu latsata. Ine ndimagwera kwa tenala nthawi zonse.