Nduna ikayankhapo, kodi yayankha?

Mafunso a sabata ino achokera m'tsinde mwa phiri la Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo onse akuzungulira nkhani imodzi: phungu amene anthu akukayikira ngati ali woyenera kukhala m'Nyumba ya Malamulo, ndi nduna imene ikufunsidwa za iye.

Mphunzitsi wina wa ku Chitakale wafunsa kuti: "Pa wailesi timamva akuti nduna yayankhapo pa nkhani ya phungu wakutiwakuti. Ana m'kalasi akufuna kudziwa ngati kuyankhapo n'chimodzimodzi ndi kuyankha. Ndiwauze chiyani?"

Aphunzitsi, auzeni kuti n'zosiyana, ndipo kusiyana kwake si kwamasewera. Ka -po kameneka kamapeputsa mneni. Wolawapo ndiwo sanadye, wonenapo sanamalize nkhani. Taganizani za mbuzi imene yalowa m'munda mwa eni n'kudya chimanga. Nkhani ikafika pa bwalo la amfumu, aliyense amene wakhala pansi pa mtengo akhoza kuyankhapo, ngakhale wodutsa m'njira. Koma mwini mbuzi sayankhapo ayi. Iye amayankha, ndipo akalephera amalipa.

Tsono nduna ili mbali iti? Malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1994, amanena pa gawo 96 kuti nduna zizipezeka m'Nyumba ya Malamulo kuti ziyankhe mafunso okhudza mfundo za boma, ndipo gawo 97 likuti nduna iliyonse imayankha kwa mtsogoleri wa dziko pa kayendetsedwe ka unduna wake. Pa za unduna wake, ndiye kuti nduna ndi mwini mbuzi. Mtolankhani akalemba kuti yayankhapo, wayichotsa pakati pa bwalo n'kuyikhazika pa gulu la ongomvera, mwina osadziwa n'komwe kuti wachita zimenezo.

Koma tisayisenzetse katundu wa eni. Kulandira zikalata za ofuna kupikisana pa chisankho ndi ntchito ya bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Madandaulo oti munthu sanali woyenera kuimira amathera ku khoti. Nduna ilibe mphamvu yochotsa phungu pa mpando. Choncho ikafunsidwa kuti, kodi phunguyu ndi woyenera, imene ingachite ndi kuyankhapo basi, ndipo mawuwo pamenepo ali m'malo mwake. Funso likakhala lakuti, chikalata chimene phunguyu anaonetsa chinatuluka bwanji mu ofesi ya pansi pa unduna wanu, apo ka -po kachoke. Ana anu aphunzire kufunsa kaye kuti mbuzi ndi ya ndani asanasankhe mneni.

Ndionjezepo chinthu china chimene chimandiwawa ndikamamvera nkhani zotere. Timamva kuti "nkhaniyi ikuunikidwa", "zolakwika zinachitika", "zikalata zinaperekedwa". Akuunika ndani? Analakwitsa ndani? Chiganizo chotere n'cholondola pa galamala, koma chabisa wochita. Chichewa cha kumudzi sichilola zimenezi: mukauza agogo kuti nkhuku yabedwa, funso lotsatira ndi lakuti, ndi ndani? Ndipo ena akafuna kunena za kuyankha pa udindo amati "kuchita zinthu poyera". Imeneyo ndi nkhani ina. Munthu akhoza kulakwa poyera, anthu onse akuona, koma osayankha kwa wina aliyense.

Funso lachiwiri lachokera kwa bambo wochita malonda pa msika wa Limbuli: "Kuno anthu amati munthu amene makolo ake anachokera ku Milange, ku Mozambique, sangakhale phungu chifukwa si mbadwa. Kodi mbadwa ndi nzika si mawu amodzi?"

Ayi bambo. Mbadwa likuchokera ku mneni kubadwa, ndipo limanena za kumene mchombo wa munthu unagwera. Nzika ndi munthu amene malamulo amamuzindikira kuti ndi wa dziko lino, kaya mwa kubadwa, kaya mwa makolo, kaya mwa kulembetsa. Gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko aja likufuna kuti phungu akhale nzika ya Malawi, wa zaka 21 kapena kuposerapo pa nthawi yopereka zikalata, wolembetsa m'kaundula wa voti, komanso wotha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Limaletsa munthu amene ali pansi pa lumbiro lomvera dziko lina, msilikali, wapolisi, ndi amene khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wa kusakhulupirika m'zaka 7 zapitazo. Za kumene agogo ake anachokera mulibemo. Unzika wa kubadwa kapena wa makolo umafunika kwa wofuna kukhala mtsogoleri wa dziko, pa gawo 80, pamodzi ndi zaka 35.

Mawu awiriwa tiziwasamala kwambiri kuno kwathu. Mabanja ambiri a Chilhomwe a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe makolo awo anaoloka kuchokera ku Mozambique zaka zoposa 100 zapitazo, ambiri n'kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. Zidzukulu zawo ndi nzika, ndipo ndi mbadwa zomwe. Kunena "si mbadwa" pa nthawi ya kampeni nthawi zambiri si kufunsa za malamulo, ndi kutoza munthu. Mfundo ya Chingerezi ija nayo imandikhudza: mayi wothyola tiyi amene amadziwa bwino mavuto a dera lake, ndipo akhoza kuwafotokoza momveka m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, lamulo limamuimitsa pakhomo.

Pomaliza, mayi wa ku Goliati akufuna kudziwa mawu abwino onenera phungu amene wagwidwa ndi gawo 65, lonena za kusintha chipani, komanso dzina la chisankho chimene chimatsatira.

Mayi, nenani kuti phunguyo watuluka chipani chimene anapambanira, kapena walowa chipani china. Amene amalengeza kuti mpando wake ulibe munthu ndi Sipikala, osati nduna. Kwanuko mukukumbukira mmene gawoli linavutira Bingu wa Mutharika atatuluka UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri n'kumutsatira, mpaka khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2007 kuti gawolo ndi lovomerezeka. Musanene kuti phunguyo watula pansi udindo, chifukwa kutula ndi kwa munthu amene wasankha yekha kutsitsa katundu. Chisankho chodzaza mpando wotere ndi chapadera. Chachibwereza ndi chimene chimachitika khoti likafafaniza zotsatira, monga cha mtsogoleri wa dziko cha pa 23 June 2020.