Kugula nyumba ku Lilongwe kudzera kwa ejenti: yankho kwa mayi a ku Johannesburg

Mayi ena amene amagwira ntchito ku Johannesburg anditumizira imelo yofunsa za nyumba imene aiona pa Facebook. Nyumbayo ili ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe, ndipo ejenti amene akuitsatsa wawauza kuti palinso anthu ena amene akuifuna, choncho atumize msanga gawo la ndalama kuti awasungire. Akufunsa ngati kuli koyenera kutumiza ndalamazo, komanso mmene kugula nyumba kudzera kwa ejenti kumayendera kufikira munthu atalandira makiyi.

Mayi, musatumize kaye ndalamazo. Sindikunena kuti ejentiyo ndi wakuba, pakuti sindikumudziwa, koma muyenera kumvetsa mbali imene iye waima. Kawirikawiri ejenti amatumidwa ndi mwini nyumba, ndipo malipiro ake ndi komishoni imene imabwera pokhapokha malonda atatheka. Chimene chimamupindulira, tsono, ndi chakuti nyumba ituluke msanga komanso pa mtengo wokwera. Ngakhale ejenti wokhulupirika sangakhale woimira inu ndi woimira wogulitsa nthawi imodzi, ndipo ndi chifukwa chake mufunika loya wanuwanu, wosankhidwa ndi inu osati wolozeredwa ndi ejentiyo. Mungathe kutsimikiza kudzera ku Malawi Law Society ngati loyayo ali ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chino.

Dziwaninso kuti dzina lakuti ejenti likugwiritsidwa ntchito ndi anthu amitundu iwiri. Alipo olembetsedwa mwalamulo, amene ali ndi ofesi yodziwika ndipo akalakwa pali kokawasumira, ndipo alipo madobadoba, amene chuma chawo chonse ndi foni ndi zithunzi za nyumba zimene nthawi zina eni ake sadziwa n'komwe kuti zikutsatsidwa. Mufunseni ejentiyo umboni wa kulembetsedwa kwake ndi kalata imene mwini nyumba anamupatsa yomuloleza kugulitsa. Munthu amene akugwira ntchito yake moona sakwiya ndi mafunso amenewa.

Popeza muli kutali, tumani m'bale wanu wodalirika akaone nyumbayo ndi maso, akakumane ndi mwini wake weniweni, ndiponso akacheze pang'ono ndi anthu oyandikana nawo, chifukwa aneba ndi amene amadziwa ngati pamalopo pali mkangano wa malire kapena ngati madzi amasefukira nthawi ya dzinja.

Nkhani yaikulu ili pa mapepala, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Nyumba za m'mizinda yathu sizikhala pa malo amtundu umodzi. Zina zili pa malo a lizi ya boma, imene kawirikawiri imakhala ya zaka 99 ndipo imayang'aniridwa ndi unduna wa za malo; zina zili pa mapuloti a Malawi Housing Corporation (MHC), bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964; zina zili pa mapuloti a khonsolo ya mzinda; ndipo zina, makamaka m'mphepete mwa mzinda, zili pa malo amene anthu anangogulitsana pamaso pa amfumu. Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti malowo ali m'gulu liti ndipo ali ndi pepala lanji. Kalata ya amfumu si title deed, chikalata cha boma chotsimikiza umwini wa malo, ndipo banki siingailandire ngati chikole monga imalandirira title deed. Ineyo sindingalangize munthu amene ali kunja kwa dziko kuti agule nyumba ya pepala lotere, ngakhale mtengo wake utakhala wokopa motani.

Ngati title deed ilipo, loya wanu apite ku ofesi yosunga kaundula wa malo ku Lilongwe akachite kafukufuku amene amatchedwa search. Kafukufukuyu amaonetsa dzina la mwini malo amene analembedwa m'kaundula, ngati nyumbayo inaperekedwa chikole pa ngongole ya ku banki, komanso ngati pali wina amene anaikapo chiletso chakuti isagulitsidwe. Dzina la m'kaundula lifanane ndi dzina la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa. Likasiyana, kawirikawiri nkhani imakhala yakuti mwini nyumba anamwalira ndipo mwana mmodzi kapena m'bale akufuna kugulitsa ena asakudziwa. Malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, amene angagulitse katundu wa womwalira ndi yekhayo amene anapatsidwa mphamvu mwalamulo zoyendetsera chumacho, ndipo mukagula kwa munthu wopanda mphamvuzo, mudzapezeka m'khoti ndi ana amasiye amene mwina ali ndi chifukwa chomveka kuposa chanu.

Mapepala akakhala bwino, ndi pamene mungayambe kunenerera mtengo. Ndi nzeru kulipira katswiri wowerengera mtengo wa nyumba kuti akuuzeni mtengo wake weniweni, ndipo ngati mukutenga ngongole ku banki monga National Bank, Standard Bank kapena NBS, bankiyo idzafuna lipoti lotere isanavomere. Mukagwirizana, loya alembe mgwirizano wa malonda wonena mtengo, kalipiridwe kake, tsiku lotulukira amene akukhalamo, ndi chimene chidzachitike ndi dipoziti yanu ngati malonda alephereka. Dipozitiyo iperekedwe mgwirizano utasainidwa, ndipo ipite ku akaunti ya loya yosungira ndalama za makasitomala, osati ku nambala ya foni ya ejenti. Musadabwe loya kapena banki akakufunsani kumene ndalama zanu zachokera, pakuti lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limawalamula kutero. Sungani mapepala a malipiro anu a ku South Africa ndi malisiti a ndalama zimene mwakhala mukutumiza.

Chotsatira ndi kusintha umwini, ndipo gawo limeneli limafuna kudekha chifukwa limadutsa m'maofesi angapo. Pa malo a lizi pamafunika chilolezo cha mwini lizi, kaya ndi unduna wa za malo kaya ndi MHC, chakuti malowo asamutsidwire kwa inu. Wogulitsa ayenera kupeza tax clearance (kalata yotsimikiza kuti nkhani zake za msonkho zili bwino) ku MRA ndi kuonetsa kuti alibe ngongole ya lendi ya malo kapena ya msonkho wa khonsolo. Inu mudzalipira stamp duty (msonkho wa pa mapepala osinthira umwini), ndalama zolembetsera ndi malipiro a loya, choncho musathere ndalama zonse pa mtengo wa nyumba. Ngati simungathe kubwera kudzasaina nokha, mungapereke power of attorney (kalata yopatsa wina mphamvu zosaina m'malo mwanu) kwa munthu amene mumamukhulupirira, koma ilembedwe momveka kuti ndi ya nyumba imeneyi yokha, ndipo dzina lolowa m'kaundula likhale lanu, osati la m'baleyo.

Ndalama zotsala zituluke m'manja mwa loya pamene mapepala osinthira umwini asainidwa ndipo zilolezo zonse zapezeka, monga mmene mgwirizano wanenera. Pa tsiku lolandira makiyi, wokuimirani awerenge mita ya madzi, atsimikize ku Lilongwe Water Board ndi ku ESCOM kuti palibe ngongole yotsalira, kenako ayambe ndondomeko yosintha maakauntiwo kuti akhale m'dzina lanu.